Madenga a ku Area 10

Mukamadutsa ku Area 10, pafupi ndi City Centre, kwezani maso pamwamba pa mipanda ya njerwayo. Pambali pa dishi ya DStv, madenga ena tsopano ali ndi kambale koyera ka Starlink, yomwe inafika m'Malawi mu 2023. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mabilu n'kukwera. Ngakhale kuno kwa akazembe ndi mabwana, anthu ayamba kuwerengera. Ena akukakamira rauta ya Airtel kapena TNM, poti bandulo umagula malinga ndi m'thumba. Starlink imathamanga, eya, koma zida zake n'zodula, ndipo magetsi akathima nayonso imathima, pokhapokha pakhomo pali sola kapena inveta.