Gasiketi ya Benz ikapsa: za ku Joni ndi za kwathu ku Ngungu

Abale anga a ku Ngungu, Bwacha ndi Chimanimani ku Kabwe, makamaka inu amene muli ndi Benz kapena BMW yakale, ndiloleni ndilankhuleko za gasiketi ya hedi, poti dzuwa la Okutobala likafika injini zimawira pa msewu wa Great North. Ndine makaniko kuno ku Johannesburg, koma sipanala ndinayamba kuigwira kwathu konko.

Zizindikiro tonse timazidziwa: utsi woyera ku ekizozi, madzi kumangotha mu rediyeta osaona podontha, mapaipi kulimba gwa injini itangolira, oyilo kusanduka ngati tiyi wamkaka. Timasiyana tikachotsa hedi.

Kuno hedi sibwerera pa injini isanapite kwa amakina. Amaiyesa ndi presha kuti aone ngati ili ndi mng'alu, kenako amaisikima. Hedi za galimotozi ndi za aluminiyamu, zikatentha kwambiri zimapindika, ndipo kupindikako diso silingakuone. Mabawuti ake amatamuka akamangidwa, choncho pa injini ngati M104 ya W124, kapena M111 ya C-Class W202 imene inatuluka mu 1993, timayeza utali wa bawuti lililonse, lotalika timataya. Pomanga timayambira pakati kupita kumapeto, ndi torque wrench, kenako kupotoza madigiri 90 kawiri. BMW E46 ya masilinda 6 ndiye yovuta zedi: buloko yakenso ndi ya aluminiyamu, ikawira kwambiri mazinga a mabawuti amazuka pomanga.

Kwathu nthawi zambiri timapala hedi ndi sandipepala, kuika gasiketi yatsopano, kubwezera mabawuti akale, kuveka paipi ku sipanala n'kukoka mpaka mkono utati basi. Makaniko sindimuimba mlandu. Sipeya wa galimotozi amachokera ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 140, ndipo mwini wake akufuna galimoto mawa, ndalama yosikimira akuiona ngati yongotaya. Koma pakapita miyezi ingapo, gasiketi yapsanso, walipira kawiri.

Chimene chimandiwawa kwambiri si mabawuti ayi. Gasiketi sipsa yokha, chilipo chimene chinawiritsa injini: water pump yotha, fani yosazungulira bwino, rediyeta ya pulasitiki yong'ambika pakhosi. Ife m'malo mofufuza timachotsa themositati, ati Zambia n'kotentha. Akuluakulu, themositati ya injinizi ndi imenenso imatseka njira yachidule ya madzi. Mukaichotsa, madzi ambiri amangozungulira mu injini osafika ku rediyeta. Kenako timathira madzi a pampopi okhaokha. Kabwe yakhala pa miyala ya laimu, madzi ake amasiya zoyera zija timaziona mu ketulo, ndipo zomwezo zimatseka timipata ta rediyeta. Coolant si wa mayiko ozizira okha, amateteza aluminiyamu kuti isadyeke.

Komatu musaganize kuti kuno zonse n'zabwino. Ntchito ya manja ndi yodula, moti mtengo wokonzera W124 ungafike pa mtengo wa galimoto yomweyo. Eni ake ambiri amangogula injini ya ku sikirapu osadziwa mbiri yake, ena amagulitsa galimoto yonse kuti iphwasulidwe, thupi lili bwinobwino. Zimenezi ku Ngungu sitingachite. Tauni yathu inaleredwa ndi mgodi wa mtovu ndi zinki umene unatsekedwa mu 1994, komanso mashopu a njanji, ndipo madala amene anaphunzira kusula ndi kuyeza chitsulo kumeneko anasiyira ana awo manja okonza, osati otaya. Achinyamata ambiri kuno popanda kompyuta sagwira galimoto.

Ndiye mukapita nayo ku galaji, musayambe ndi kufunsa mtengo wa gasiketi. Funsani a makaniko kuti chinawiritsa injini n'chiyani, hedi akasikimitsa kuti, nanga torque wrench ali nayo kapena akabwereka. Akamaliza kumanga, atulutse mpweya m'mapaipi a madzi hita ili yotsegula, ndipo muime pomwepo mpaka injini itatentha, muone nokha kuti singano yaima pakati ndipo fani ikugwira ntchito.