Mabala ena a pa 20 July saoneka ndi maso

Anzanga a mumsika, ndani waiwala za pa 20 July 2011? Anthu anaguba kudandaula za kusowa kwa mafuta ndi foleki m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, kenaka mfuti zinalira. Mzuzu ndiye unataya anthu ambiri kuposa mizinda ina, ndipo ena tinakawaika ku Zolozolo.

Akufa tinawalira. Nanga amoyo amene anaona zonsezo?

Ine ndili ndi mnzanga wogulitsa kaunjika. Tsiku limenelo ananyamula mnyamata wotuluka magazi. Mpaka lero tayala likaphulika kudepoti amagwa pansi, thukuta kamukamu. Usiku amalota zomwezija, ndipo msewu umene zinachitikira saupondanso. Anzake amati ndi mantha chabe, ena ati anamulodza. Ayi ndithu. Madokotala amati ndi PTSD, matenda a maganizo obwera munthu akaona kapena kukumana ndi zoopsa zedi.

Si aliyense amene amadwala. Ambiri mtima umakhazikika pakapita masabata ochepa. Koma mwezi ukatha munthu akadali kudzidzimuka, kusowa tulo ndi kupsa mtima msanga, pamenepo pali nkhani.

Kodi amene ali pachiopsezo ndani? Choyamba, amene anali pafupi penipeni: wovulala, woona imfa, wonyamula mtembo. Wopulumuka pangozi ya minibasi kapena woopsezedwa ndi zikwanje naye ali momwemo. Chachiwiri, amayi: matendawa amawagwira kwambiri kuposa abambo, makamaka ogwiriridwa ndi omenyedwa m'banja. Chachitatu, amene anazunzika ali mwana, chifukwa bala latsopano limatukula lakale.

Koma chimene chimandiwawa ine n'chachinayi: munthu wosiyidwa yekha. Katundu wapita, mpamba watha, wakatapila ali pakhomo, ndipo palibe womumvera. Ife timangoti "limba mtima, ndiwe mwamuna." Mapeto ake amathawira ku kachasu, ndipo kachasuyo amangokulitsa vuto.

Matendawa amachizika. Kuno ku Mzuzu a St John of God amathandiza anthu ovutika maganizo, ndipo kupita kumeneko si kuti wapenga.

Ndiye mukaona mnzanu wa benchi yoyandikana wasintha chichitikire ngozi, musamuseke. Mulondereni katundu tsiku limodzi, mumvereni, mumperekeze kuchipatala. Chopereka cha maliro timachidziwa bwino. Tiyeni tiphunzirenso kusonkherana munthu akadali moyo.