Ngolo ya Boti Inandigoneka pa Msewu

Ine ndimakhala ku Chinamwali, m'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba kunka ku Liwonde, koma chuma changa chili pa dooko la Kachulu ku nyanja ya Chilwa. Kumeneko ndili ndi boti la matabwa limene anyamata amaphera matemba ndi milamba. Ndilinso ndi ngolo ya matayala awiri yonyamulira botilo, yokoka ndi galimoto. Tamverani, abale anga, zimene ngoloyi inandichita.

M'chaka cha 2018 nyanja inaphwa monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995. Boti linatsala pamatope, ndipo matabwa anayamba kung'aluka ndi dzuwa. Tsono ndinaganiza zolisamutsira ku nyanja ya Malombe. Ngolo inali itakhala zaka ziwiri patsinde pa mtengo wa mango, mvula ndi dzuwa zonse zili pa iyo. Amayi a kunyumba anandikumbutsa kawiri kuti ndiipake girisi, koma ine ndinkangoti, “Mawa.”

Tinakweza boti bwinobwino ndi kunyamuka. Tisanafike ku Domasi gudumu la kumanzere linayamba kulira, kenaka kufuka utsi, ndipo linaguluka. Boti linapendekeka, matabwa awiri nathyoka. Tinagona pomwepo, ndipo ndalama zimene ndinasungira ana kusukulu zinathera kwa mmisiri.

Mmisiriyo anandionetsa mkati mwa gudumu. Munali dzimbiri lokhalokha. Anandifotokozera kuti Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi, chotero madzi ake ndi amchere. Nthawi zonse ndikalowetsa ngolo m'madzi potsitsa boti, madziwo amachotsa girisi m'maberingi, mchere nutsalamo kudya chitsulo.

Lero ngolo ikangochoka kunyanja ndimaitsuka ndi madzi a pamjigo. Maberingi ndimawatsegula ndi kuika girisi watsopano dzinja lisanafike. Ikamakhala osagwira ntchito ndimaiimika pa njerwa, pansi pa denga, kuti matayala asaole. Matabwa ogonekapo boti ndimawapaka oilo wakutha kuopa chiswe. Ndisananyamuke ndimamanga manati, ndi kuona ngati chokolera chagwira. Ndikayenda pang'ono ndimaima ndi kukhudza gudumu. Likatentha, ulendo wathera pomwepo.

Inu nonse okhala ndi ngolo, kaya ya boti kaya ya ng'ombe, musadikire tsiku la ulendo. Akulu anati pakadafunda padajiwitsa galu.