Dzuwa la kuchigwa silidikira mlendo wolemekezeka



Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Chikwawa, ngakhale mbuzi zimadziwa kuti 10 koloko m'mawa si nthawi yoyendayenda. Mumazipeza zitaunjikana pansi pa mtengo wa nimu, zili wefuwefu, uku phula la msewu wa M1 likunyezimira ngati pathiridwa madzi. Ine ndine mphunzitsi wa Biology pa sekondale ina yoyendera pakati pa Nchalo ndi Ngabu, ndipo ndakhala ndikuthamanga mumsewu umenewu kwa zaka 6. Ndalemba chifukwa chilimwe chafikanso, zikwangwani za mipikisano yothamanga zayamba kuoneka m'misika, ndipo chaka chatha nyengo ngati yomwe ino ndidatsala pang'ono kuphetsa mwana wa eni.

Kuthamanga ndidakuyamba mu 2018, osati chifukwa chokonda masewera ayi. Kuchipatala adandipeza ndi BP yokwera ndili ndi zaka 30 zokha, ndipo adandiuza kuti ndichepetse mchere komanso ndizilimbitsa thupi. Ndisanagule n'komwe nsapato za pakaunjika, ndidayamba ndapita kwa amfumu kukadzionetsa. Owerenga akumbukira mphekesera za anamapopa zomwe zidavuta m'maboma a kummwera mu 2017. Munthu wothamanga yekha mumdima, popanda womuthamangitsa, akadatha kuphedwa asanafotokoze n'komwe za BP. Amfumu adaseka, kenako adalengeza pamaliro ena kuti mukaona munthu akuthamanga m'bandakucha musamugende, ndi aphunzitsi akuthawa matenda.

Kuchokera nthawi imeneyo dzuwa la kuno landiphunzitsa zambiri kuposa mabuku omwe ndidawerenga ku Domasi. Ndimadzuka 4 koloko, ndipo ikamakwana hafu pasiti 5 ndimakhala ndabwerako. Kukacha ndimayang'ana mkodzo: ukakhala wachikasu kwambiri ngati tiyi wopanda mkaka, ndiye kuti madzi ndi ochepa m'thupi, tsiku limenelo sindipita patali. Ndikathamanga mtunda wautali sindimwa madzi okha, chifukwa thukuta limatuluka ndi mchere. Ndimasungunula Thanzi, ndipo akasowa ndimathira masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere m'lita imodzi ya madzi abwino. Ndidazindikiranso kuti pafupi ndi mtsinje wa Shire kapena minda ya nzimbe, komwe mpweya uli ndi chinyezi, thukuta limangoyenderera osauma. Thukuta losauma siliziziritsa thupi. Zimenezi ndimaphunzitsa m'kalasi chaka chilichonse tikafika pamutu wa khungu.

Ndathamangakonso mipikisano iwiri ku Blantyre. Basi ikangodutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera mapiri aja, makutu amatsekeka ndipo kamphepo kamasintha. Ife kuno tili pansi kwenikweni, pomwe Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000. Kumeneko zitunda zidandimaliza, akatumba adachita kukokana, koma ndinkaseka chamumtima kumva anzanga a m'tauni akudandaula kuti kwatentha. Ndidabwerako ndili ndi kamtima kodzikuza, kuti ife a kuchigwa dzuwa ndi mbale wathu, silingatichite kanthu. Kudzikuza kumeneko ndi komwe kudadzandigwetsa.

Pasukulu pathu padali mnyamata wina wa Fomu 4 yemwe kwawo ndi kufupi ndi madambo. Tsiku ndi tsiku ankayenda wapansi makilomita pafupifupi 7 kubwera kusukulu, ndipo akachedwa ankangothamanga mtunda wonsewo, mabuku ali m'jumbo. Tsiku lina m'mamawa adandipitirira pamsewu atavala patapata, ine nditavala nsapato zothamangira. Ndidamuitana, ndidamupatsa nsapato zanga zakale, ndipo tidayamba kuthamangira limodzi Loweruka lililonse. Ndinkamuuza za Catherine Chikwakwa, Mmalawi yemwe adapata mendulo ya siliva pa mtunda wa mamita 5,000 pampikisano wa achinyamata wa dziko lonse mu 2004. Ndinkafuna adziwe kuti miyendo nayo imatha kutengera munthu kutali.

Kwawo zinthu sizidali bwino. Madzi osefukira a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adakokolola munda wa mayi ake, ndipo bambo ake adamwalira kalekale. Teremu yoyamba ili mkati, nkhani ya ndalama ya mayeso a MSCE idayamba kumusowetsa tulo. Ndiye tsiku lina ndidaona chikwangwani pamsika wina wa m'mbali mwa msewu: mpikisano wothamanga makilomita 10, woyamba adzalandira njinga yakapalasa ndi envulopu ya ndalama, wachiwiri ndi wachitatu maenvulopu. Nthawi yoyambira adalemba 6 koloko m'mawa. Ndine ndidamuuza. Ndine ndidamulembetsa, ndalama yake yochokera m'thumba mwanga. Ndinenso ndidapita kwa mayi ake kukapempha chilolezo, n'kuwatsimikizira kuti ikamakwana 8 koloko mwana wawo adzakhala atabwerera.

Tsikulo tidafika 5 koloko, kunja kukadali kachisisira. Othamanga tidalipo ambiri ndithu: anyamata a kabaza, asilikali angapo, ana a sukulu, ngakhale amayi awiri atatu. Idakwana 6 koloko, tenti adali asanamalize kuzika. Idakwana 7, adayamba kuyesa zokuzira mawu. Ikamati 8 koloko adatiuza kuti mlendo wolemekezeka ali m'njira, wangodutsa kumene pa Thabwa. Adafika 9 koloko itadutsa. Kenako pemphero, magule, mawu a apampando, mawu a othandiza mpikisano, mawu a mlendo mwini wake. Onsewo adali pamthunzi, mabotolo a madzi ozizira ali patebulo. Ife tidali chiimire padzuwa, manambala ali pachifuwa. Wezulo idalira 10 koloko itapitirira.

Apa ndi pomwe pali mlandu wanga. Ndinkadziwa. Ndinkamva phula likutentha kudzera m'nsapato. Ndinkadziwa kuti takhala maola asanu tikutaya thukuta tisanayambe n'komwe, ndipo mnyamatayo adangomwa phala la m'mamawa basi. Ndidayandikira mmodzi mwa okonza mpikisano, koma atandiyankha kuti abwana sangauzidwe zochita, ndidabwerera mwakachetechete. Ndidaopa kuoneka wovuta pamaso pa akuluakulu. Ndidamufunsa mnyamata uja ngati tingangozisiya. Iye adati, "Aphunzitsi, tikabwerera ndalama ya mayeso ichokera kuti?" Ndidalibe yankho. Ndiulule zoona, nanenso ndinkafuna kuthamanga. Ndidali nditakonzekera miyezi iwiri, ndipo kamtima kaja kankandinong'oneza kuti ife dzuwa tidalizolowera.

Madzi adawaika malo amodzi okha, pokhotera pa makilomita 5. Pomwe ine ndinkafika, m'mabeseni mudali mutatsala tinsenga. Ndidaona mnyamata wanga akubwerera ali pa nambala 3, akuthamanga mokongola, ndipo ndidamukuwira kuti alimbe. Mawu amenewo amandipwetekabe mpaka lero.

Nditadutsa makilomita 8 ndidaona kagulu ka anthu m'mbali mwa msewu. Pakati pawo padali iye, akudzandira ngati woledzera, akufuna kubwerera pamsewu koma miyendo ikukana. Nditamugwira, thupi lake lidali ngati mbaula. Sadandizindikire. Ankangoyankhula zosamveka m'Chisena, maso ali gwa, kenako adagwa. Wina adati agwidwa ndi mizimu, wina adati amuponda ndi anzake a mpikisano. Bambo wina adabwera ndi kapu kuti amutsanulire madzi m'kamwa, ndidamuletsa, chifukwa munthu wokomoka madzi amatha kumulowa m'mapapo.

Chomwe chidachitika n'chakuti thupi lake lidalephera kudziziziritsa. Kutentha kwa m'kati kukapyola madigiri 40, ubongo umasokonezeka, ndipo impso ndi chiwindi zimayamba kuwonongeka. Zikatero mphindi iliyonse ndi yamtengo wapatali. Choyamba ndi kumuziziritsa pomwepo, ulendo wa kuchipatala ubwere pambuyo kapena uchitikire limodzi ndi kuziziritsako.

Omwe adamupulumutsa sadali a mutenti muja. Mayi wina yemwe ankachokera kumjigo adatula ndowa yake osafunsa funso, ndipo tidamunyamulira pamthunzi, kumuvula malaya n'kuyamba kumuthira madzi thupi lonse. Mayi wina wogulitsa mafilizesi adatsegula kabokosi kake, tidatenga mafilizesiwo n'kumuika m'khwapa, m'khosi ndi m'mphechepeche. Atsikana awiri ankamukupiza ndi zitenje, ana akuthamangira kumjigo ndi zigubu. Patapita kanthawi adaphethira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndamaliza?" Misozi idandilengeza. Tidamukweza panjinga yamoto, ine kumbuyo nditamugwira, chitenje chonyowa chili pathupi, mpaka kuchipatala. Kumeneko adamuika diripi ndipo adagonako masiku awiri. Adokotala adandiuza kuti madzi a mundowa aja ndiwo adagwira ntchito yaikulu.

Mayi ake adafika madzulo, atayenda wapansi. Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo ndikadavomera. Iwo adakhala pansi, adamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kenako adatembenukira kwa ine. Adati, "Aphunzitsi, ife osaphunzirafe nyengo ino kumunda timaweruka 9 koloko. Inu ophunzira ndiye mumayamba ntchito nthawi imeneyo?" Palibe mayeso omwe adandivutapo ngati funso limenelo.

Mayiwo adanena zomwe dziko lonse likudziwa. Mu 2019, pampikisano wa dziko lonse ku Doha m'dziko la Qatar, marathon ya amayi adaiyamba pakati pa usiku pothawa kutentha, komabe mwa akatswiri 68 omwe adayamba, 28 sadamalize. Pamasewera a Olympics a ku Tokyo omwe adachitika mu 2021, marathon adaisamutsira ku Sapporo, mzinda wa kumpoto, chifukwa cha nkhani yomweyi. Amenewo ndi anthu okhala ndi madokotala awoawo, odya bwino, omwe kuthamanga ndi ntchito yawo. Kuno kwathu mpikisano wa Porters Race wa paphiri la Mulanje umachitika mu Julaye, nthawi yozizira. Nanga ife tili ndi chiyani choti tiziimika ana a sukulu, omwa phala lokha, paphula la ku Chikwawa kapena ku Nsanje dzuwa lili paliwombo, m'nyengo yomwe kutentha kumapyola madigiri 40?

Sindikunena kuti mipikisano ithe. Kuno kuchigwa kuli miyendo, ndipo anyamata ndi atsikana athu alibe mabwalo ambiri oonetserapo luso. Pempho langa kwa onse okonza mipikisano, kaya ndi kampani, mpingo, bungwe kapena andale, ndi ili. Ngati n'kotheka, ikani mpikisano mu Juni kapena Julaye. Ngati uyenera kuchitika m'chilimwe, uyambe kukangoyera, usapitirire 6 koloko, mlendo wolemekezeka afike asafike. Zoyankhula zibwere pambuyo, popereka mphoto, othamanga atakhala pamthunzi. Mlendo wanzeru sangakwiye kupeza anthu atamaliza ali moyo. Madzi akhale pa makilomita awiri kapena atatu alionse, ndipo pakhale munthu wowayang'anira. Kumbuyo kwa othamanga kuzibwera galimoto yokhala ndi wazachipatala, zigubu za madzi ndi ayisi. Ndalama ya tenti ndi zokuzira mawu ikupezeka, ya zimenezi isasowe.

Kwa othamanga anzanga, makamaka aphunzitsi omwe timatenga ana a eni: kuthamanga sikufika. Mukamva chizungulire, mutu kuwawa, nseru, kapena tsemwe kunja kukutentha, imani ndipo funani mthunzi. Mukaona mnzanu akudzandira kapena kuyankhula zosagwirizana, musamulimbikitse kuti amalize, mugwireni. Munthu yemwe ali ndi malungo, wotsegula m'mimba kapena yemwe wagona kumowa asayerekeze n'komwe. Ndipo nthawi yoyambira ikapitirira, tiyeni tivule manambala tonse pamodzi. Tikadatero tsiku lija anthu khumi okha, akadatimvera. Kuzolowera dzuwa kumathandiza ndithu, koma kuli ndi malire, ndipo malirewo sapereka chenjezo kawiri.

Ndalama ya mayeso tidasonkherana aphunzitsi mu stafurumu, chinthu chomwe tikadatha kuchita pachiyambi pomwe ndikadangotsegula pakamwa. Mnyamatayo adalemba MSCE yake. Adatenga miyezi ingapo asanayambirenso kuthamanga, ndipo mayi ake adaika lamulo limodzi lokha: dzuwa likamatuluka azikhala ali pakhomo. Lamulo limeneli nanenso ndikulitsata. Loweruka lapitali tidathamangira limodzi mpaka pamlatho wina wa mumsewu wa M1 n'kubwerera, ndipo monga mwa nthawi zonse adandisiya kutali.

Patatha sabata chichitikire ngozi ija ndidapita kukafunafuna mayi wa mafilizesi uja kuti ndimubwezere ndalama ya katundu wake. Adawerenga pazala, adatenga ya mafilizesi 12 ndendende, yotsalayo adandibwezera. Ndikutembenuka kuti ndizipita adandiitana. Adati chaka chino mukamachitanso zothamanga zanuzo mundiuziretu, ndidzabwere ndi mabokosi awiri. Ndidamuyankha kuti tikachita bwino, mayi, sitidzafunanso mafilizesi a m'khwapa, tidzagula oti tizimwa titamaliza.

Mphunzitsi wodandaula,
Chikwawa