Chifalansa changa ndinachitola pa Nsaru

Ndikauza anthu kuti Chifalansa ndinachiphunzirira pa Nsaru amaseka, koma ndi zoona.

Ndinkapita kumeneko kukagula mtedza ndi soya, ndipo ntchito ikatha ndinkakhala pakhonde pa golosale ya bambo ena ochokera ku Burundi. Buku ndinaligula kwa ogulitsa mabuku akale mumzinda wa Lilongwe. Katchulidwe ndinkamvera pa foni usiku, netiweki ikalola, ndipo kukacha ndinkakayesera pa iwo. Ndinkanyamula sopo n'kufunsa, "Combien?" Iwo ankatchula mtengo mothamanga dala, ine n'kumawerenga zala. Manambala ndiwo anandizunza: 80 Afalansa amati ma 20 anayi, 90 ndi ma 20 anayi kuwonjezerapo 10. Patatha miyezi isanu ndinkatha kunenerera mtengo, ngakhale galamala yanga inali yokumbikakumbika ngati msewu wa ku Kabudula m'dzinja.

Mu 2023 boma litalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku Dzaleka, ndinapeza golosale ija yotseka. Sitinatsanzikane, ndipo nambala yawo ya foni sindinatenge. Lero pamalopo wina akugulitsa feteleza.

Ndikagulitsa soya wa chaka chino ndikwera minibasi ya ku Dowa, ndikawafunefune. Ndili ndi ngongole yawo ya shuga paketi imodzi.