Mapu Akale ndi Mabwinja a kwa Nsefu

Mudzi wa Akunda m'cigwa ca Luangwa sunali kukhalitsa pamalo amodzi. Nthaka ikaguga, kapena madzi akasefukira, anthu anali kusamuka nakamanga pena, kusiya bwinja ndi manda a makolo ao. Mtsinje wa Luangwa nawonso uli wosakhazikika, pakuti umagumula gombe caka ndi caka, nusiya mathamanda pamene unali kuyenda kale. Cifukwa cace nkhalamba ikati, "Amai anabadwira pagombe," mdzukulu wace angathe kufunafuna masiku ambiri osapeza malowo.

Apa mpamene mapu akale athandiza. Bungwe la Directorate of Colonial Surveys, limene linakhazikitsidwa ku Britain m'caka ca 1946, linali kujambula dziko ndi ndege, ndipo pa zithunzizo linakonza mapu oonetsa mitsinje, madambo, njira za miyendo ndi midzi. Pa mapu a muyeso wa 1:50,000, masentimita 2 aimira kilomita imodzi, kotero kuti munthu angathe kuyesa mtunda wocokera pakamtsinje kufikira pabwinjapo.

Koma mnyamata wotsiriza sukulu asafulumire kukondwa akaona dzina la agogo ace papepala. Mudzi unali kuchedwa ndi dzina la nyakwawa, ndipo dzinalo limalowedwa. Mwa Akunda wolowa dzina amacokera kucikazi, kawirikawiri mbale wace wa womwalirayo kapena mwana wa mlongo wace. Motero dzina limodzi pamapu lingathe kubisa amuna atatu kapena anai otsatana. Ndiponso olemba mapu, posadziwa cinenero, nthawi zina anali kupotoza maina. Za akazi, amene ali eni ace a mbumba, mapu sanena kanthu konse, ndipo uku ndiko kuperewera kwace kwakukuru. Ayenera kuwerenga caka cimene zithunzi zinajambulidwa, cimene cilembedwa m'mphepete, napite nalo pepalalo kwa amalume ace akali moyo, kuti iwo amuuze amene anali pampando caka cimeneco.

Kwa Nsefu nkhaniyi ikula cifukwa ca nyama. M'caka ca 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu kuti apatule mbali ina ya dziko lao ikhale yosungiramo nyama, ndipo mbaliyo tsopano iri m'kati mwa South Luangwa National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1972. Kumeneko munthu samanga mudzi, salima, sayendamo mwa kufuna kwace. Ngati makolo a banja lina anakhalako, njira zao zinamera udzu kalekale, ndipo amene anaziyenda ndi miyendo yao atsala owerengeka.