Tidapita ku Likoma kukapikula usipa, mwezi n'kutidyera mpamba

Inu amayi ndi abambo amene mumapsa ndi dzuwa tsiku lonse mukuyika usipa m'milu pa Limbuli, pa Chitakale ngakhalenso mu msika wa Limbe, nkhani iyi ndi yanu. Madandaulo anu ndimawadziwa chifukwa inenso ndidakulira pa benchi ya mayi anga aang'ono. Tsiku lililonse nyimbo ndi imodzi, ati opikulitsa akutibera, kunyanja usipa ngotchipa ngati mchenga. Ndiye mu Julaye 2024 gulu lina la banki mkhonde la kwathu ku Mulanje lidati zokamba zakwana, tiyeni tikadzionere tokha.

Tidalipo anthu 9: amayi 6, abambo awiri, ndi ine amene adanditenga kuti ndizilemba ndalama zotuluka m'kope. Ambiri mwa iwo katundu wawo adapita ndi madzi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo kampamba kotsalako kadapepukiratu kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho. Choncho ndalama imene adasonkha sidali yamasewera ayi. Idali ya fizi ya ana ndi feteleza.

Atcheya a gululi ndiwo adasankha Likoma. Nzeru yawo idali yoti ku Mangochi ndi ku Salima mavenda adachuluka kale, koma pa chilumba cha kumpoto, kutali ndi msewu, tikagula pa mtengo wa asodzi eniake. Adaonjeza kuti tikachita hayala boti lathulathu kuti nsomba tizikazilandirira pamadzi pomwepo. Tonse tidaomba m'manja.

Kuchoka ku Mulanje tidasintha galimoto ku Limbe, n'kutsata msewu wa m'mbali mwa nyanja wodzera ku Salima ndi ku Nkhotakota mpaka pa Nkhata Bay. Apo tidakwera Ilala, gogo uja adapangidwa ku Scotland n'kuyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. M'katimo mudali chimanga, malata, simenti, nkhuku, makireti a zakumwa, anthu kugona pamwamba pa matumba. Idayamba yaima pa Chizumulu, kenaka Likoma.

Munthu wa ku Mulanje akafika pa Likoma amayamba wasowa chonena. Kulibe tiyi, kulibe nanazi, kulibe mitsinje yotsika m'phiri ngati Likhubula kapena Lichenya. Kuli miyala, mchenga, minda ya chinangwa ndi milambe ikuluikulu. Chilumba chonse ndi masikweya kilomita 18 okha, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu 14,527 pa zilumba ziwirizi. Chodabwitsa n'choti ngakhale ndi Malawi, madzi ozungulira ndi a Mozambique, ndipo mapiri a ku Cobue amaoneka pafupi ngati mmene phiri lathu limaonekera uli pa Chitakale. Pa Chipyela, pomwe kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene amishoni a Anglican adayamba kumanga mu 1903. Amayi athu adalowa kukapempherera bizinesi, ngakhale pagulu ponse padalibe wa mpingowo.

Madzulo ake tidapeza mwini boti la injini, bambo wachikulire wosalankhula zambiri. Atcheya atafotokoza cholinga chathu, bamboyo adayang'ana kumwamba n'kuseka.

"Bambo, kodi kwanu ku Mulanje mwezi simuuona?"

Tidayang'ananso tonse. Mwezi udali wathunthu, mbee ngati masana. Apa mpamene tidaphunzira chinthu chimene mwana aliyense wa pa Likoma amachidziwa. Usipa amaukopa ndi nyali usiku. Kukakhala mdima umathamangira pomwe pali kuwala n'kuunjikana, koma mwezi ukawala nyanja yonse imasanduka nyali, usipa n'kumwazikana. Masiku amenewo asodzi ambiri amangosoka maukonde pagombe. Ndiye chifukwa chake usipa umasowa ndi kukwera mtengo mwezi uliwonse, pamene ife pamsika timati opikulitsa aubisa. Safunsa adadya phula, abale.

Kubwerera sikukadatheka popeza sitima idali itapita. Poti masiku akudikira adali ambiri, atcheya adagwirizana ndi bambo uja kuti atitengeko masana kukaponya mbedza cha ku Chizumulu, mwina n'kupha ndiwo yoti tichepetse zogula. Petulo adali wathu, nyambo yathu, malipiro a anyamata ake awiri athunso. Ndidalemba zonse m'kope, dzanja likunjenjemera.

M'mawa nyanja idali bata. Madzi oyera moti umaona tinsomba ta mbuna ta mitundu ngati zitenje tikusewera m'miyala. Patali padali chinthu chonga utsi chikukwera kuchokera m'madzi, amayi wina n'kufuula kuti boti likupsa, koma anyamata adati ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu a kunyanja amagwira n'kupanga ndiwo. Pofika masana tidali titapha ncheni zingapo ndi kampango mmodzi wamkulu, amene adakodwa pa mbedza ya mayi wa ku Muloza. Mayiyu kwawo amagulitsa nsomba zaka zambiri, koma aka kadali koyamba kugwira yamoyo. Adalulutira ngati pa chinkhoswe.

Chisangalalo sichidakhalitse. Cha m'ma 2 koloko mwera udayamba, mphepo ya kum'mwera ija imavuta miyezi yozizira. Nyanja idada, mafunde n'kuyamba kulowa m'boti. Majekete opulumutsira moyo adalimo 4 okha pa anthu 12. Atcheya, amene kumsika mawu awo amamveka mpaka pa siteji, adagona pansi akusanza. Mayi wa kampango uja adandigwira mkono mwamphamvu.

"Achimwene, madzi adanditengera nyumba ku Muloza ndili pamtunda. Lero ndawatsatira ndekha."

Ndidasowa chowayankha. Ndidangokumbuka kuti nyanja yomweyi idameza sitima ya Vipya mu 1946 ndi anthu 145, ndiye kaboti kathu kamatabwa nkachiyani? Mwini boti sadatekeseke. Adachepetsa injini, n'kumadula mafunde chammbali, anyamata akukapa madzi ndi zigubu zodula. Tidabisala kuseri kwa Chizumulu mpaka mphepo itagwa, ndipo tidafika ku Likoma kutada, tili chete ngati tikuchokera kumanda.

Patatha pafupifupi sabata mwezi udayamba kuchedwa kutuluka, ndipo asodzi adabwerera pamadzi. Atatu mwa ife tidalimba mtima kukwera boti lomwe lija kutsatira gulu la chilimira. Kutsogolo kumakhala munthu mmodzi m'bwato lokumba, amamutcha siginala, ali ndi nyali zake. Kale zinkakhala za parafini, masiku ano ambiri ndi mababu a batire. Iye amakhala phee, maola, kudikira kuti usipa udzaze pansi pake. Akaona kuti wakwana amakuwa, anzake n'kuzungulira ndi ukonde, kenaka kukoka ndi manja, ali chilili, kuzizira kukulowa m'mafupa. Usiku umenewo adaponya kasanu. Kawiri ukonde udatuluka wopanda kanthu. M'manja mwa anyamata amene aja mudali zipsera za chingwe zokhazokha.

Kutacha tidathamangira pagombe ndi ndalama m'manja, poganiza kuti nthawi yathu yakwana. Eeh! Usipa wambiri udali ndi eni ake kale. Alipo amayi amene amakhala pagombepo miyezi, amakongoza asodzi petulo ndi ufa nthawi ya mwezi, ndiye nsomba ikatuluka oyamba kupima ndi iwo. Ife alendo tidalimbirana zigoba zotsala, pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi umene tidauthawa. Titagula padafunikanso kulipira thandala loyanikapo, nkhuni zofutsira, matumba, onyamula, malo a katundu mu sitima, ndi galimoto kuchoka pa Nkhata Bay mpaka kwathu. Usipa ukaumanso umachepa, chigoba chachiwisi sichidzadza chikauma.

Titafika ku Mulanje tidakhala pansi pa mtengo wa mango kuwerengera kope lija. Titachotsa mayendedwe, chakudya cha masiku onse aja, malo ogona ndi hayala ya boti, phindu lidalibe. Mpamba udabwerera wopunduka, ndipo mabenchi adakhala osatsegula sabata ziwiri, makasitomala ena n'kuzolowera kwa anzathu. Atcheya adapepesa pamaso pa gulu. Palibe adawakalipira, poti m'manja tidaomba tonse.

Sindikuti musapite ku Likoma ayi. Ndi malo okongola, anthu ake ndi aulemu, ndipo amene akufuna bizinesi ya kumeneko angathe. Koma yambani mwayang'ana mwezi, mufike ukupita kumdima. Pewani miyezi ya mwera ngati mtima wanu ndi wa kumtunda ngati wathu. Musakwere boti musadawerenge majekete, ndipo mwini wake akati lero sitipita, musamukakamize chifukwa choti mwalipira. Tumizani anthu awiri okha, osati gulu lonse, akayambe apanga ubale ndi asodzi, chifukwa pagombe ndalama ya mlendo imagonja kwa ngongole ya mnansi.

Sabata yatha ndidadutsa pa Limbuli ndipo ndidapeza mayi wa ku Muloza uja akukangana ndi kasitomala wa taye amene ankati mulu wachepa, usipa ndi wa Mulungu, umangotoledwa m'madzi. Mayiyo sadakweze mawu.

"Bambo, kodi mudayamba mwakwerapo boti usiku?"

Bamboyo adati ayi.

"Ndiye lipirani, kapena mudikire mwezi ulowe."